Ubwenzi wa Ikakwana 18 Koloko

Buku la Chris Matthews lochedwa Tip and the Gipper: When Politics Worked linatuluka ku America mu October 2013, mwezi umene maofesi ambiri a boma la dzikolo anali okhoma. Kwa masiku 16, anchito a boma pafupifupi 800,000 anauzidwa kukhala kunyumba cifukwa aphungu a cipani ca Republican ndi Pulezidenti Barack Obama anakanika kumvana pa ndalama zoyendetsera boma. Palibe wogulitsa mabuku amene angapemphe mwai woposa umenewu. Pacikuto buku linalonjeza kukamba za nthawi imene ndale zinali kugwira nchito, ndipo linafika m'masitolo ndale zitaima ngati basi yothera mafuta pakati pa mseu, kondakitala atatolera kale ndalama za anthu.

Ndi buku lakutali ndiponso lakhalitsa, koma nkhani imene likugulitsa ndimaimva kawirikawiri kuno ku Lusaka, m'basi, pa maliro, ngakhale pakati pa aphunzitsi anzanga pa nthawi ya tiyi. Amati kale atsogoleri anali kutsutsana masana, madzulo n'kudyera mbale imodzi, koma a masiku ano angodziwa kutukwanana. Matthews anailemba mokoma nkhani imeneyi, ndipo cifukwa ca kukoma kwakeko, buku lake ndi malo abwino oiyeserapo ngati ili ndi miyendo.

Gipper ndi Ronald Reagan, pulezidenti wa America kuyambira 1981 mpaka 1989, wa cipani ca Republican. Dzinalo linam'kakamira kucokera pa filimu ya mu 1940 m'mene anasewera ngati George Gipp, katswiri wa mpira. Tip ndi Thomas O'Neill, wa cipani ca Democrat, wa ku Cambridge pafupi ndi Boston, amene anali Sipika wa House of Representatives kuyambira 1977 mpaka 1987. Sipika wa kumeneko sali ngati wa ku Manda Hill amene timayembekeza kuti akhale refa. Iye ndi mtsogoleri wa cipani cokhala ndi aphungu ambiri m'nyumbayo, ndipo ali ndi mphamvu yaikulu yosankha bilu imene ikambidwe ndi imene igone m'dilowa. Conco Reagan anali ndi White House, koma thumba la ndalama linali kudzera pa khomo la mdani wake. Kwathu kuno wolowa State House akapereweredwa aphungu amawapeza posacedwa, nthawi zina popatsa a zipani zina timipando ta unduna. Ku America njira imeneyo kulibe, cifukwa nduna siingakhale phungu pa nthawi imodzimodzi.

Matthews anali mthandizi wamkulu wa O'Neill m'zaka zimenezo, ndipo asanapite kumeneko anali kulembera zokamba Pulezidenti Jimmy Carter. Anali m'cipinda pamene zambiri zinali kucitika, ndipo apa ndi pamene pali mphamvu ya buku. Amadziwa kusimba. Cizungu cake n'cosavuta, mwana wa Giredi 12 angathe kuliwerenga osatsegula dikishonale pa tsamba lililonse. Nkhani imene onse amakumbukira ndi ya m'cipatala. Pa 30 March 1981, Reagan atangolamulira miyezi iwiri, mnyamata wina anam'lasa ndi mfuti kunja kwa hotela ku Washington. O'Neill anapita kukam'zonda, nagwada pambali pa bedi, nam'gwira manja, napemphera naye Salimo 23, ndipo pocoka anam'psompsona pamphumi. Inanso ndi ya nthawi. Akuti tsiku lina Reagan anatuma foni kudandaula ndi mau amene O'Neill anam'nenera m'nyuzipepala, ndipo O'Neill anam'yankha kuti zimenezo ndi ndale cabe, ubwenzi umayamba ikakwana 18 koloko. Kuyambira pamenepo Reagan akafuna kukamba naye zamtendere anali kuyamba wafunsa ngati nthawiyo yakwana. Onse awiri anali ndi magazi a ku Ireland, onse okonda nthabwala, onse okalamba. Mu 1985 O'Neill anatsogolera aphungu ku Moscow atanyamula kalata ya Reagan yopita kwa Mikhail Gorbachev, kuonetsa kuti kunja kwa dziko amakamba ndi pakamwa pamodzi.

Zonsezi ndi zokoma kuwerenga, ndipo sindikayika kuti zinacitika. Vuto langa ndi nchito imene Matthews amazipatsa. Iye sabisa ndeu za anthu awiriwa, amazisimba ndithu, koma akafika pofotokoza cifukwa cake malamulo akuluakulu anadutsa, dzanja lake limabwerera ku khalidwe la amuna awiri aja: ulemu wao, nthabwala zao, kudziwa kwao nthawi yoleka. Wowerenga amatseka buku akuganiza kuti dziko likangopeza atsogoleri awiri amtima wabwino, zonse zidzalongosoka. Zocitika zimene zili m'buku lomwelo zikukamba zina.

Caka ca 1981 sicinali ca mgwirizano. Reagan anadula misonkho, nadula ndalama za mapulogilamu othandiza osauka, ndipo O'Neill anayesa kum'letsa koma anagonja. Anagonja cifukwa aphungu ake omwe, a Democrat ocokera kumwera kwa dzikolo, anavota ndi Reagan. Mu August caka comweco Reagan anacotsa nchito anthu oposa 11,000 otsogolera ndege pa mabwalo a ndege cifukwa conyanyala. A Republican anali kuseka O'Neill poyera pa kunenepa kwake, namuyerekeza ndi boma lotupa limene anali kufuna kuliphwetsa. Naye O'Neill, m'buku la moyo wake la mu 1987 lochedwa Man of the House, sanabise kuti anali kuona Reagan ngati munthu wosadziwa bwino nchito ya upulezidenti. Ndipo ndalama za boma zinaima kasanu ndi kawiri pamene awiriwa anali pa mipando yao, ngakhale kuti nthawi zonse zinali za tsiku limodzi, awiri kapena atatu. Kupemphera kwa m'cipatala kunacitika m'caka cimeneci, ndipo sikunasinthe voti ngakhale imodzi.

Cimene cinasintha zinthu tingacione bwino pa nkhani ya penshoni, imene ndi mwala wa pangodya wa buku lonse. America ili ndi thumba la penshoni la dziko lonse lochedwa Social Security, limene tingaliyerekeze ndi NAPSA, kungoti limafika pafupifupi pa nyumba iliyonse. Mu May 1981 boma la Reagan linapempha kuti ndalama za opuma nchito msanga zicepetsedwe kwambiri. Senate, imene inali m'manja mwa cipani cake comwe, inakana ndi mavoti 96, popanda ngakhale mmodzi womuikira kumbuyo. O'Neill anatola cikwapu cimeneci nacigwiritsa nchito mosanyengerera. Mu November 1982, ulova utafika pa 10.8 peresenti, a Democrat anaonjezera mipando 26 m'nyumba yake, ndipo gulu lija la akumwera silinalinso lokwana kupulumutsa Reagan. Pa nthawi imodzimodzi thumba la penshoni linali kuuma. Akatswiri anacenjeza kuti pakati pa 1983 silidzatha kulipira pa nthawi yake anthu oposa 30 miliyoni amene anali kulidalira.

Apa onse awiri anali pakona. Reagan sakanatha kudula yekha, anali atapsa kale. O'Neill sakanatha kungoyang'ana nkhalamba zikusowa ndalama n'kumaloza cala, cifukwa nyumba yopanga malamulo inali yake. Komiti ya anthu 15 yotsogozedwa ndi Alan Greenspan inakhala caka conse ca 1982 osamvana, mpaka mu January 1983 kagulu kocepa kanayamba kukumana kumbali: Robert Ball woimira maganizo a O'Neill, James Baker wa ku White House, ndi masenetala Bob Dole ndi Daniel Patrick Moynihan. Cimene anapangana cinali cowawa mbali zonse. Msonkho wodulidwa pa malipiro unakwera msanga kuposa mmene unakonzedwera, cimene a Republican sanali kufuna. Kukweza penshoni kwa caka ndi caka kunacedwetsedwa miyezi 6, cimene a Democrat sanali kufuna. Penshoni ya olemera inayamba kudulidwa msonkho. Nzeru yonse ya panganolo inali yakuti atsogoleri awiri alivomereze pamodzi kuti wina asadzapeze mpata wonamizira mnzake pa masankho. Ndi mgwirizano wa anthu awiri amene agwira mpeni umodzi, aliyense kuopa kuti akautaya mnzake am'baya nao. Reagan anasaina lamulolo pa 20 April 1983, O'Neill ali pambali pake.

Sindikupeputsa zimenezi. Penshoni inalipidwa, thumba linapulumuka, ndipo agogo ambiri sanagone ndi njala. Koma pali mbali imodzi imene ndifuna kuti inu owerenga acinyamata muiyang'anitsitse. Biluyo ili m'nyumba ya malamulo, aphungu anaonjezerapo kuti zaka zolandirira penshoni yathunthu zikwere kucoka pa 65 kufika pa 67. Sanazikweze tsiku lomwelo. Anakonza kuti zidzakwere pang'onopang'ono patapita zaka zambiri, ndipo 67 idzagwire anthu obadwa mu 1960 kupita mtsogolo. Posaina, Reagan anali ndi zaka 72, O'Neill 70. Munthu woyamba kusenza mtolo wonsewo anali ndi zaka 22 kapena 23, mwina ali pa mzere wofuna nchito. Kwa wokhala mu ofesi zaka ziwiri zoonjezera si kanthu kwenikweni. Kwa womanga nyumba, wonyamula katundu kapena wokolopa m'cipatala, ndi zaka ziwiri za msana ndi maondo. Timakonda kunena kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo n'zoona, koma mwambiwu sunena kuti denga likafika akagonemo ndani. Buku lokondwerera kuti akuluakulu anamvana limakhala ndi cizolowezi cosafunsa amene anatumiziridwa bilu.

Cina cimene nkhani ya ubwenzi imaphimba ndi kapangidwe ka zipani zomwezo. M'zaka za m'ma 1980 cipani ciliconse cinali ndi anthu a maganizo osakanizika. Kunali a Democrat akumwera oganiza ngati Reagan, kunalinso a Republican a kumpoto cakum'mawa oganiza pafupi ndi O'Neill. Zipani zinali ngati midzi iwiri yokwatirana: ungakangane ndi a tsidya lija, koma kuli alamu ako. Pa bilu iliyonse panali anthu a pakati oti n'kuwakopa, ndipo lamulo lalikulu la misonkho la mu 1986, limene linatsitsa msonkho wapamwamba kucoka pa 50 peresenti kufika pa 28 n'kutseka mipata yambiri yozembera, linadutsa pa mlatho wa anthu amenewa. Lero midzi ija inasiyana. Akumwera aja anasamukira ku Republican, akumpoto aja anatha. Phungu akavota ndi a mbali ina, amakumana ndi womupikisa pa masankho a m'kati mwa cipani cake, kumene ovota ambiri ndi anthu a mitima yotentha. Mungatenge Reagan ndi O'Neill ndi nthabwala zao zonse n'kuwaika m'nyumba ya malamulo ya lero, adzapeza kuti alibe wowatsatira pa mlatho.

Mbeu za zimenezi zinamera pamaso pa Matthews. Kuyambira 1979 zokambirana za House of Representatives zinayamba kuonetsedwa pa TV, koma kamera inali kuloza pa wokamba yekha. Phungu wacinyamata wa ku Georgia, Newt Gingrich, ndi anzake anatulukira kuti angathe kuima madzulo, anthu onse atapita, n'kumachula maina a aphungu a Democrat ndi kuwaneneza, ndipo woonerera kunyumba anali kuganiza kuti onenezedwawo akhala cete cifukwa ca manyazi. Mu May 1984 O'Neill analamula kuti kamera izizungulira kuonetsa mipando yopanda anthu. Pa mkangano umene unatsatira anapsa mtima mpaka mau ake anaweruzidwa kuti aphwanya malamulo a nyumbayo, cinthu cosazoloweka kwa Sipika. Wopambana tsiku limenelo anali Gingrich, cifukwa dziko lonse linam'dziwa. Mu 1995 anakhala Sipika, ndipo boma linatsekedwa masiku 21. La mu 2018 ndi 2019, pa nthawi ya Donald Trump, linatsekedwa masiku 35. Pamenepa sindingalephere kuchula kuti Matthews mwiniwake, atacoka kwa O'Neill, anadya za pa TV kwa zaka zoposa 20 ndi pulogilamu yake ya Hardball, yochuka ndi kudulana mau ndi kukweza mau. Wolira kuti mudzi waphokosera ndiye anali mwini ng'oma imodzi.

Kwa ife a kum'mwera kwa Africa, mgwirizano wa zipani ziwirizo umene unatikhudza kwenikweni m'zaka zimenezo sunadzere pa ubwenzi wa Tip ndi Gipper. Unacitika molimbana ndi Gipper. Boma la Reagan linali kukana zilango za cuma pa boma la tsankho la South Africa, likunena kuti kukambirana mofatsa ndiye kudzasintha azungu a ku Pretoria. Pa nthawiyo likulu la ANC linali muno mu Lusaka, ndipo pa 19 May 1986 ndege za nkhondo za South Africa zinaponya mabomba pa msasa wa othawa kwao ku Makeni, tsiku lomwelo asilikali ao ataukiranso Zimbabwe ndi Botswana. Miyezi yocepa pambuyo pake aphungu a America anavomereza lamulo loletsa kuika ndalama zatsopano ku South Africa, loletsa kugula malasha, zitsulo, nsalu ndi zokolola za kumeneko, loletsa ndege zao kutera ku America, ndiponso lofuna kuti Nelson Mandela amasulidwe. Reagan analikana. Aphungu anam'pitirira: 313 kwa 83 mu House, ndipo pa 2 October 1986, 78 kwa 21 mu Senate imene inali ya cipani cake, Richard Lugar wa Republican ali patsogolo. Anawakankha ndani? Ron Dellums ndi aphungu anzake akuda anali atalimbikira nkhaniyi kuyambira m'ma 1970. Kuyambira November 1984 anthu anali kupita dala kukamangidwa pa khomo la kazembe wa South Africa ku Washington, tsiku ndi tsiku. Ophunzira m'mayunivesite anali kukakamiza masukulu ao kucotsa ndalama m'makampani ocita malonda ndi Pretoria. Mipingo inali momwemo. Pamene voti inafika, kukhala kumbali ya Reagan kunali kodula kuposa kum'siya.

Ndikabwera nazo kwathu, ndimapeza kuti nafenso tili ndi nkhani yathu ya m'cipatala. Mu April 2008 a Michael Sata anadwala mtima, ndipo boma la a Levy Mwanawasa, amene a Sata anali atawanyoza kwa zaka zambiri, linawathamangitsira ku Johannesburg. Atacira anapita ku State House, awiriwo nagwirana canza pamaso pa atolankhani. Cinali cinthu ca umunthu, ndipo anthu anacikonda. Koma nkhani yaikulu imene inali pa tebulo masiku amenewo, ya malamulo oyendetsera dziko, siinasunthe. PF inapitiriza kukana National Constitutional Conference, aphungu ake amene anapitako anachedwa oukira, ndipo bilu yocokera ku msonkhanowo inagwa mu 2011 itasowa mavoti okwana.

Yerekezani ndi 1991. A Kenneth Kaunda ndi a Frederick Chiluba sanali mabwenzi, ndipo palibe amene ananamizira kuti ali. Boma la a Kaunda linatsekera a Chiluba mu 1981 ali mtsogoleri wa ZCTU. A Chiluba atalowa, malamulo a mu 1996 anatsekereza a Kaunda kupikisana nao, ndipo pa Khrisimasi ya 1997 anawamanga. Koma pakati pa zidani ziwirizi, mu July 1991, anthu awiriwa anakhala pansi napangana. MMD inali itaopseza kuti siidzalowa masankho pansi pa malamulo ocokera ku komiti ya a Patrick Mvunga, ikunena kuti apatsa pulezidenti mphamvu zoculuka. Ophunzira a pa UNZA ndiwo anayamba kuwakumanitsa, kenaka atsogoleri a mipingo anawaitanira ku Cathedral of the Holy Cross, ndipo kumeneko a Kaunda analolera kusintha zina, kuphatikizapo kuti nduna zizicokera pakati pa aphungu. Masankho anacitika pa 31 October, MMD inatenga mipando 125 mwa 150, ndipo a Kaunda anapereka mpando mwamtendere. Ulemu wa kusankha kumeneko ndi wao, palibe angawalande. Koma tikumbukire cimene cinali kunja kwa zenera. Mu June 1990 mtengo wa unga unakwera kuposa kawiri, cipolowe cinayambira pa UNZA n'kufalikira m'makomboni, anthu oposa 20 anafa, ndipo pamene Lefutenanti Mwamba Luchembe analengeza pa wailesi kuti asilikali alanda boma, anthu anatuluka m'miseu kukondwera. Amene anakankhira akuluakulu aja pa tebulo anali makolo anu ndi anga.

Ndipo ubwenzi weniweni, pamene unalipo, sunapulumutse munthu. A Simon Kapwepwe anakulira pamodzi ndi a Kaunda ku Chinsali. Atayambitsa UPP, cipanico cinaletsedwa mu February 1972, iwo natsekeredwa. A Harry Nkumbula anakhalapo m'ndende limodzi ndi a Kaunda mu 1955, ndipo mu December 1962 awiriwa anaphatikiza mipando yao n'kupanga boma loyamba lotsogozedwa ndi anthu akuda, cinthu cimene cinathandiza kugwetsa Federation. Uwo unali mgwirizano wa zipani ziwiri zamoyo, ciliconse ndi mano ake. Wa ku Choma mu June 1973 unali wina. Lamulo la cipani cimodzi linali litasainidwa kale mu December 1972, ndipo cimene cinatsala kwa ANC cinali kulowa mu UNIP kapena kuzimirira. M'makalasi timaphunzitsa Choma Declaration ngati tsiku la umodzi, ndipo n'zoona kuti inaziziritsa ziwawa za pakati pa otsatira zipani ziwirizo. Inatsegulanso zaka zimene wovota anali kupatsidwa munthu mmodzi cabe pa pepala la upulezidenti, woti amuvomere kapena asankhe cule. M'zaka zimenezo palibe bilu imene inaima cifukwa ca kukangana kwa zipani. Sindikhulupirira kuti pali wowerenga magazini ino amene angafune kubwererako.

N'cifukwa cake mau akuti ndale zogwira nchito, amene ali pa cikuto ca Matthews, amandidetsa nkhawa. Amaika kulephera konse kwa mabilu m'thumba limodzi, ngati kuti kumvana n'kwabwino nthawi zonse ndipo kukana n'kuononga nthawi zonse. Taonani zolephera ziwiri za m'nthawi yathu. Pa 11 August 2016 tinali ndi referendamu yokulitsa Bill of Rights kuti ichulenso zinthu monga maphunziro, cithandizo ca mankhwala, madzi ndi pogona. Anaiika pa tsiku limodzi ndi masankho, PF inati inde, UPND inati ai, ndipo funso la ufulu linasanduka funso la malaya a cipani. Mwa ovota, pafupifupi 71 peresenti anavomera, koma anabwera anali pafupifupi 44 peresenti cabe ya oyenera kuvota, ndipo malamulo amafuna kuti ovomera apitirire theka la onse oyenera. Inagwa. Otaya anali anthu a ku Kanyama ndi Chibolya amene caka ndi caka amalimbana ndi madzi a mvula m'nyumba ndi kolera pakhomo. Pa 29 October 2020 Bill 10 inagwanso, itapeza mavoti 105 pamene inali kufuna 111, aphungu a UPND atakana kuvota. Biluyo inali kufuna kubweza aciwiri kwa nduna ndi kulola opikisana awiri kuphatikiza mavoti ao ngati palibe wafika theka. Bungwe la maloya ndi mabishopu a Katolika anali ataikana, ndipo anthu ambiri anapuma mpweya wabwino itagwa. Mungagwirizane nane kapena ai pa ubwino wa mabilu awiriwa, koma simunganene kuti kugwa kwao ndi matenda amodzi ofuna mankhwala amodzi.

Pali pamene Matthews ali ndi mfundo, ndipo ndim'patse. Ulemu pakati pa adani uli ndi nchito yake. Supanga pangano, koma umasunga khomo lotsegula kuti tsiku limene pangano lidzakakamizike, anthu athe kuyang'anana kumaso. Mu 2017 a Hakainde Hichilema anakhala m'ndende masiku 127 pa mlandu woukira boma umene unayambira pa kupikisana kwa magalimoto pa mseu wa ku Mongu. Mu June 2025 a Edgar Lungu anamwalira ku Pretoria, ndipo banja ndi boma anakanika kumvana ngakhale pa maliro, mpaka nkhani inakafika ku khoti la dziko lina, miyezi n'kumapita thupi lisanaikidwe. Kwa anthu amene amasiya mkangano uliwonse pa cipata ca nyumba ya maliro, zimenezi zinapweteka onse, a cipani ciliconse. Pamenepo ndinamvetsa cifukwa cake munthu angalakelake dziko limene mdani amagwada pambali pa bedi la mnzake.

Conco bukuli liwerengeni mukalipeza, ndipo mudzasangalala nalo. O'Neill amene ali m'menemo ndi munthu wamoyo, wamkulu thupi, wokhulupirika kwa anthu a kwao, wokwiya msanga akaona wosauka akuponderezedwa, ndipo Matthews amam'lemba ndi cikondi ca mwana wa nchito kwa bwana amene anam'phunzitsa. Reagan amaoneka wocenjera kuposa mmene adani ake anali kum'ganizira, wodziwa kulandira theka la mkate n'kulengeza kuti wapambana. Koma ndi buku la m'zipinda za pamwamba, lolembedwa ndi munthu amene anali ndi kiyi. Nkhalamba zimene zinaopseza aphungu ndi mavoti ao mu 1982 zimamveka ngati phokoso la kunja kwa mpanda, pamene ndizo zinaika awiri aja pa tebulo. Ndikanakonda mutu umodzi cabe wolembedwa kucokera kwa mnyamata uja wa zaka 23. O'Neill anamwalira mu 1994, Reagan mu 2004. Iye adzakwanitsa zaka 67 mu 2027.